Tidontho Totsala ta Galu

Nthata zinalowa m'nyumba mwa Esinala ngati zachita kuitanidwa. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la kwa Katunga likuwotcha mpaka mchenga wa pabwalo osapondeka, ndipo tizilomboti tinaswana koopsa. Mwana wake wamng'ono, Princess, anali ndi tizilonda m'miyendo chifukwa chokanda. Galu wawo, Mwatani, ankangokhalira kudzikanda pakhonde. Koma amene ankamumvetsa chisoni kwambiri Esinala anali mphaka wake, Kapitawo.

Musaliseke dzinalo, mphakayo analigwirira ntchito. Esinala ankagulitsa nsomba zowamba. Mwamuna wake Kalisto akabwera ndi milamba kuchokera ku dambo, iye ankaiwamba n'kuisunga m'madengu m'kachipinda ka kuseri, kudikira tsiku la msika ku Nchalo. Kale makoswe ankachita phwando m'kachipindamo, kusiya mitu ndi minga yokhayokha. Chibwerereni Kapitawo, khoswe aliyense anadziwa kuti malowo ali ndi mwini wake. Tsono kumuona mlonda wotere akuwonda ndi nthata, Esinala mtima unkamupweteka.

Tsiku la msika, atatha kugulitsa, anaima pa bambo wina amene anayala malonda ake pansi. Panali mankhwala a makoswe, a mphemvu, ndi timabotolo tina topanda dzina.

"Nthata zatisowetsa mtendere, achimwene. Muli ndi chani?"

"Nawa, mayi," anatero bamboyo, akumupatsa kachubu kokhala m'kabokosi kojambulidwa galu. "Mungodontheza kumbuyo kwa khosi. Mawa nthata zonse balala!"

Esinala sanafunse zambiri. Atafika kunyumba masana, anagwira Mwatani n'kumudonthezera monga anauzidwira. Kenako anayang'ana kachubu kaja n'kuona kuti pansi pake patsala tidontho.

Apa m'pofunika mumudziwe Esinala. Mayiyu sankataya kanthu. Kachidutswa ka sopo ankakamatira pa sopo watsopano, thumba long'ambika ankalisoka mpaka ulusi kuchuluka kuposa thumbalo. Ndiye ataye mankhwala ogula? Anadula kachubuko ndi mpeni, n'kufinyira zotsalazo pakhosi pa Kapitawo.

"Iwe ndi wamng'ono, izi zikukwanira," anatero akumusisita. Anasomeka kabokosi kaja padenga la khitchini, n'kupitiriza ntchito zake ataiwaliratu.

Dzuwa litapendeka, Princess anakuwa kuchokera pakhonde. Esinala anathamanga, ndipo zimene anaona zinamuumitsa thupi. Kapitawo anali gone chammbali, thupi lonse likunjenjemera. Makutu ankagwedezeka okha, dovu likutuluka kukamwa. Anayesa kudzuka, miyendo inakana, anagweranso pansi.

"Mayo ine! Abambo ake Princess, bwerani msanga!"

Kalisto, amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo, anafika n'kungoyang'ana kamodzi. Nkhope yake inasintha.

"Chiwewe ichi! Chotsani mwanayo!" Ananyamula nkhafi ya bwato imene inali itatsamira pakhoma. "Patukani, ndimalize asanalume munthu."

Esinala anaima pakati pa mwamuna wake ndi mphaka, manja atatambasula.

"Si chiwewe! Masana ano amadya bwinobwino. Wapatsidwa poizoni ameneyu, ndipo wachita izi ndikumudziwa."

Amene ankamuganizira anali Luisa, amake Fortune, mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Masiku apitawo Luisa anadandaula kuti Kapitawo wamugwirira mwanapiye, ndipo pokwiya ananena kuti mphakayo tsiku lina adzaona zakuda. Esinala anapita pampanda n'kukuwa mudzi wonse ukumva.

"Amake Fortune, tulukani! Mwanapiye mmodzi yekha mpaka kundiphera mphaka?"

Luisa anatuluka manja ali ndi ufa, pakamwa pali yasa.

"Ine? Nkhabe, ayi ndithu, amake Princess! Kukalipa ndinakalipadi, koma kupha chiweto cha mnzanga? Mulungu akundiona."

Mawu a Esinala aja anamubaya Luisa, misozi inalengeza m'maso. Komabe analowa pampanda n'kudzaona mphakayo. Ataona mmene ankaphiriphithira, anatulutsa foni n'kuimbira a Goodwell, alangizi a ziweto amene ankamubayira mbuzi zake. Analankhula nawo pang'ono, kenako anatembenuka.

"Akuti musamuphe, komanso musamugwire ndi manja. Mumuvindikire ndi dengu, mwana akhale kutali. Ali pafupi, akubwera."

Esinala anali atatenga kale kapu ya mafuta ophikira kuti amumwetse mphakayo asanze.

"Akutinso musamumwetse kalikonse," anawonjeza Luisa. "Mafuta ayi, mkaka ayi. Angatsamwe."

Posakhalitsa njinga yamoto inalira pamsewu. A Goodwell anatsika, anavala magolovesi, n'kuyamba ndi mafunso. Kodi mphakayu walumapo munthu? Ayi. Analumidwapo ndi galu wachilendo? Ayi. Katemera wa chiwewe analandira? Eya, pamodzi ndi Mwatani.

"Mwachita bwino kuopa chiwewe, bambo," anauza Kalisto. "Chiweto chikayamba zachilendo, osachigwira, itanani ife. Koma nkhafiyo ikani pansi kaye."

Anavundukula dengu mosamala n'kuyamba kumuyang'ana Kapitawo. Atafika kumbuyo kwa khosi anaima. Ubweya wa pamenepo unali wonyowa ngati wapakidwa mafuta.

"Apa mwapakapo chiyani, mayi?"

Apa m'pamene Esinala anakumbukira kachubu kaja. Anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira kumsana. Anapita kukhitchini n'kutsitsa kabokosi kaja padenga.

"Ndi a nthata awa," anatero ndi mawu apansipansi. "Ndinamudonthezera galu. Otsala pang'ono okha ndi amene..."

A Goodwell anatembenuza kabokosiko n'kumuonetsa kumbuyo kwake. Pakona panali kachithunzi ka mphaka kodulidwa ndi mzere wofiira.

"Awa ndi a agalu okha. Muli mankhwala otchedwa pemefirini. Thupi la galu limatha kulimbana nawo, koma la mphaka silingathe. Kwa mphaka, ngakhale tidontho tochepa ndi poizoni."

"Ndiye kuti ndamupha ndine?" Esinala anakhala pansi, manja ali kumutu. "Ndi manja angawa? Ine ndimati ndikumuthandiza!"

Kalisto anayang'ana nkhafi ija, n'kuyang'ana mphaka. Nayenso anali atatsala pang'ono kupha mlonda wa nsomba zake popanda mlandu.

"Sanafe, mayi, kulira kudikire," anatero a Goodwell. "Ndipezereni madzi ofunda, osati otentha, ndi sopo."

Moto wa kwa Esinala unali utazima. Luisa sanadikire kupemphedwa. Anathamangira kwake n'kubwera ndi ndowa ya madzi amene anatereka kuti asambe. A Goodwell anayamba amubaya Kapitawo jakisoni woletsa kunjenjemera. Kenako anamusambitsa m'beseni, kutsuka pakhosi paja mobwerezabwereza mpaka mafuta onse atachoka, n'kumupukuta ndi chitenje chakale.

Kalisto ananyamula beseni lija kuti akakhuthule m'ngalande ya kuseri kwa nyumba.

"Imani, bambo! Ngalandeyo imathera kuti?"

"Ku dambo."

"Kumene mumapha nsomba? Mankhwala amenewa amapha nsomba msanga kuposa mmene amaphera nthata. Kumbani dzenje kutali ndi chitsime, muthire mmenemo. Galuyunso asakasambe ku dambo masiku ano."

Kalisto anapukusa mutu. "Kachubu kakang'ono ngati chala, koma kakanatha kundilowera mpaka m'bwato!"

A Goodwell anawauza kuti Kapitawo agone pamalo amthunzi, opanda phokoso, ndipo asayandikane ndi Mwatani kwa masiku angapo, chifukwa mphaka akanyambita ubweya wa galu wopakidwa mankhwalawa amadwala chimodzimodzi. Princess nayenso asamugwire galuyo pakhosi, ndipo aliyense wokhudza mankhwala asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya kapena nsomba.

"Nanga nthatazi tizitani?" anafunsa Esinala akupukuta misozi.

"Zambiri sizikhala pa chiweto, zimaswana m'fumbi ndi m'mphasa. Sesani m'nyumba tsiku ndi tsiku, yanikani mphasa padzuwa, chapani zofunda ndi madzi otentha. Dzuwa lathu lino ndi laulere. Mankhwala a amphaka aliponso, olembedwa kuti ndi a amphaka. Akachira mudzandifunse, ndidzakuuzani oyenera ndi muyezo wake."

"Achira koma?"

"Sindingalonjeze. Mwandiitana msanga, ndiye mwayi ulipo. Mawa ndidzeranso."

Njinga itapita, Esinala anatembenukira kwa Luisa. Manyazi anamugwira moti analephera kumuyang'ana kumaso.

"Amake Fortune, ndakunyozani pagulu popanda chifukwa. Pepani. Inu ndi amene mwamupulumutsa."

"Zapita zimenezo," anayankha Luisa. "Koma akadzuka mumuuze kuti anapiye anga si makoswe."

M'mawa mwake Kapitawo anali akunjenjemerabe pang'ono, ndipo a Goodwell anabwera n'kumubayanso. Esinala ankangozungulira pamene anamugoneka, ntchito osagwirika. Makoswe nawo sanachedwe kumva kuti mlonda wadwala, moti anaboola dengu limodzi la milamba. Kenako mphakayo anayamba kunyambita madzi, mawa lake n'kudya kachidutswa ka nsomba, kenako n'kuyenda modzandira mpaka pakhonde.

Tsiku lina m'mawa, Esinala potsegula kachipinda ka nsomba anapeza khoswe wamkulu ali gone pakhomo. Pambali pake panakhala Kapitawo, akudzinyambita mwendo ngati palibe chachitika.

"Amake Fortune! Abambo ake Princess! Bwerani mudzaone, wabwerera pa ntchito!"

Luisa anasuzumira pampanda n'kuwomba m'manja. Kalisto anasankha mutu wa mlamba wonona kwambiri n'kuuika yekha patsogolo pa mphakayo.

Kachubu kodula kaja Esinala anali atakakwirira m'dzenje pamodzi ndi kabokosi kake. Anthu omudziwa amati chinali chinthu choyamba chimene mayiyu anataya osadandaula. Ndipo pa msika wa Nchalo, mnzake aliyense akadandaula za nthata, iye amamukhazika pansi n'kumuuza mosabisa:

"Safunsa anadya phula, anzanga, ndipo ine ndinatsala pang'ono kutaya Kapitawo. Mankhwala a galu ndi a galu, osapaka mphaka ngakhale kadontho. Musagule opanda dzina, yang'anani kabokosi mbali zonse, ndipo musanapake chiweto chilichonse, yambani mwafunsa alangizi a ziweto."