Tishu Yokana Kusungunuka

Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuwanamiza apongozi anga aamuna. Tsiku loyamba kuonana nawo anandifunsa za ntchito, ine n'kuyankha motukumula chifuwa kuti ndimaona za mankhwala kufakitale ya mapepala. Mpaka pamenepo sindiname ayi. Koma atafunsa kuti mapepala ake otani, pakamwa panga panangopulumuka mawu akuti, "A masatifiketi, bambo." Mkuluyo, poti ndi mphunzitsi wopuma, anadzuka n'kundipatsanso moni wa dzanja kachiwiri. Ndiye ndikanayambira pati kuwauza kuti ndimapanga tishu ya kuchimbudzi?

Makina athu amapanga zinthu ziwiri mosinthana. Tikamapanga mapepala opukutira m'manja, timathira mankhwala olimbitsa m'phala lopangira pepala kuti lisamanyenyeke likanyowa. Tikabwerera ku tishu timatseka mpopi wa mankhwalawo, chifukwa tishu yabwino ndi imene imagonja ikangoona madzi. Kuyesa kwake n'kwachibwana: kuponya kachidutswa m'botolo la madzi, kukhutchumula kakhumi, n'kuona ngati kasungunuka. Ntchito imeneyi inkandinyansa. Ine, munthu wa digiri, kumakhutchumula botolo ngati ndikukonza mkaka wa khanda!

Lachisanu lina, titangobwerera ku tishu, ndinangosaina kuti zonse zili bwino, botolo osalikhudza n'komwe, katundu n'kupita m'masitolo. Mpopi uja unali usanatsekeke bwinobwino. Madzulo ake ndinanyamula mipukutu ya tishu imene antchito timagawiridwa kukasintha mtundu wa pepala, ndipo mayi a kunyumba anapatulako theka n'kukasiya kwa makolo awo monga amachitira nthawi zonse. Ine ndinkati amakanena kuti n'zogula.

Patatha sabata tinapita kukacheza. Tisanalowe n'komwe, fungo linatilonjera pageti. Kuseri kwa nyumba madzi anali ndendende, apongozi aakazi atakwera pa njerwa, wokonza mapaipi atagwada pa dzenje akukoka zinthu ndi waya.

"Bwana, zaka makumi awiri pa ntchito ino, izi sindinazionepo," anatero wokonza mapaipiyo, akutambasula chinthu chotalika mkono wathunthu. "Sabata yonse m'madzi, koma taonani, mpaka timaluwa take tikuoneka. Amene anapanga ichi ndi mbuli yeniyeni."

Timaluwa timeneto ndinatizindikira msanga, poti ndinasankha ndine. Thukuta linayamba kuyenderera mu jekete.

"Bambo a mwana, bwerani kuno," anandiitana apongozi aamuna. "Inu mumadziwa za mapepala. Tatiuzeni, chachitika n'chiyani apa?"

Ndinayang'ana mkazi wanga kuti mwina andipulumutsa. Iye anali kalikiliki kuyang'ana zikhadabo zake.

Ndikanatha kunamizira mapaipi. Ndikanatha kunena kuti ife a masatifiketi za kuchimbudzi sitizidziwa. Koma katswiri mwa ine, chitsiru chimenechi, sakanapirira. Ndinayamba kufotokoza za mankhwala olimbitsa, za mpopi, za botolo, mpaka ndinadzimva ndikunena kuti, "ndiye Lachisanu lija sindinakhutchumule."

"Ndimapanga tishu, bambo," ndinamaliza. "Satifiketi sindinapangepo ndi imodzi yomwe. Pepani."

Apongozi aamuna anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono ndi malaya.

"Zimenezo mwana wanga anandiuza musanakwatirane," anatero. "Ndimangodikira kuti mudzanena liti."

Zaka zonsezi ndakhala ndikuwafotokozera za pepala la masatifiketi, kulemera kwake, kuwala kwake, iwo akungogwedeza mutu, kumafunsanso mafunso!

"Bodza lanu silinandipweteke, limandisangalatsa," anapitiriza. "Chandipweteka ndi ichi. Mumsewu uno aliyense amagula tishu yanu chifukwa cha ine. Ndimawauza kuti amayesa ndi mkamwini wanga, munthu wosamala, sidzakutsekerani paipi. Dzulo a nyumba zinayi anabwera kudzadandaula, ine n'kuwabweza kuti vuto ndi mapaipi awo."

Munthu ankandinyadira pa ntchito yomwe ine ndinkaibisa, ndipo ndinamuchititsa manyazi pa ntchito yomweyo.

Anatenga waya m'manja mwa wokonza mapaipi uja n'kundipatsa.

"Vulani jekete, a masatifiketi. Mukamaliza pano, nyumba zatsala zinayi."