Uthenga wa Maliro Umene Sunafike ku Wembley

Mtsutso unayambira pa kanema, m'nyumba ya a Oswald ku Barking, ku Mangalande, Lamlungu lina anthu ataweruka kutchalitchi. Andale a ku America ankakangana ngati boma lawo la chitaganya lichepetsedwe, kuti chigawo chilichonse chizidzionera chokha. Tawanda anakhala pafupi ndi khomo akumvetsera. Zoterezi ndi zimene ankaphunzira ku yunivesite ku Greenwich asanasiye sukulu, bambo ake a Zacheus atamwalira chaka chatha.

"Akunena zoona amenewa," anatero a Oswald, dalaivala wa basi wochokera ku Chipata. "Ngakhale bungwe lathu la maliro, komiti yaikulu ndi ya chiyani? A ku Barking azidzionera, a ku Wembley azidzionera. Foni ilipo."

"Achimwene, dziko silimangidwa ndi foni," anayankha mayi Tabeth, azakhali a Tawanda. "Mukachotsa wapakati, aliyense amayang'ana khomo lake. Mawa chigawo chilichonse chidzasoka mbendera yake."

"Nanga Chitaganya chathu chija cha nthawi ya atsamunda chinagwirizanitsa ndani? Chinatha kalekale, koma ine wa ku Zambia ndikumwa tiyi ndi inu a ku Zimbabwe."

"Tiyi wake wopanda shuga."

"Adokotala anandiletsa. Manje iwe Tawanda, tiweruze. Unapita kusukulu."

"Ndinabwerakonso, amalume."

Anthu anaseka, iye osaseka. Wapakati amene ankamutchulayo, m'bungwe lawo anali bambo ake. Munthu akamwalira, a Zacheus ankavala jekete n'kukwera sitima kukauza akuluakulu khomo ndi khomo. Tawanda anakula akuona msana wawo pakhomo kuposa nkhope yawo. Koma iwo eni atamwalira, ku Wembley sikunachoke munthu ndi mmodzi yemwe. Uthenga wa malirowo Tawanda anaulemba yekha pa gulu la pa foni, ndipo anaona kuti onse auwerenga. Loweruka likudzalo linali tsiku lovundukula chiliza, ndipo sankafuna kuti bambo ake achitenso manyazi ndi manda opanda anthu.

Funso la a Oswald linamukhala m'mutu. Kodi anthuwa anali amodzi, kapena ankangogwiridwa ndi miyendo ya munthu mmodzi? Mawa lake anakwera sitima mpaka ku Wembley, kwa a Morton, nkhalamba imene inakulira pa famu imodzi ndi bambo ake.

A Morton anamulowetsa, namupatsa mpando. Akazi awo a Mariam anabweretsa madzi. Tawanda sanazungulire.

"Agogo, bwanji simunabwere kumaliro a bambo?"

"Sitinauzidwe, mwanangu."

"Uthenga munauwerenga. Ndinaona."

"Kuwerenga tinawerenga." A Morton anapukuta magalasi awo pang'onopang'ono. "Ine ndinavala suti, akazi angawa anamanga mpango. Tinakhala pano kudikira kuti wina agogode. Anzathu onse a kuno ankaimba foni kufunsa ngati wafika kwathu. Munthu wamkulu sapita kumaliro ngati wangomva mphekesera. Amauzidwa pamaso."

"Ndiye munkadikira ndani?"

Nkhalambayo inamuyang'ana, kenako inayang'ana pansi.

"Tinkadikira Zacheus," anatero a Mariam motsitsa mawu. "Tinazolowera. Kunada tisanazindikire kuti wogogodayo ndi amene wagona. Kenako manyazi anatigwira. Tikanabwera bwanji mochedwa choncho, ngati anthu akudutsa?"

Tawanda anafuna kukwiya, koma mkwiyo sunapeze pogwira. Chaka chathunthu ankaganiza kuti anthuwa anataya bambo ake, pamene iwo anakhala m'chipinda chomwechi atavala zamaliro, makutu ali kukhomo. Anakumbukira tsiku lina ali mwana, ataperekeza bambo ake: mmene anakanira mpando, mmene anayambira kulankhula.

Anadzuka n'kutuluka panja, natseka chitseko. Anaima pang'ono, kenako anagogoda.

"Odi."

"Lowani," anayankha a Morton.

Tawanda analowa, nanjuta pansi pafupi ndi mapazi awo, manja ali pamodzi.

"Agogo, ndabwera ndi uthenga wa zovuta. A Zacheus atisiya. Tinawaika m'manda chaka chatha. Loweruka lino tikuvundukula chiliza."

A Mariam anayamba kulira ngati maliro achitika m'mawa womwewo. A Morton anagwira phewa la mnyamatayo nthawi yaitali.

"Tamva. Tidzabwera, ndipo a kuno onse ndiwauza ndekha. Koma ku Greenwich kuli a Paterson. Iwonso sanauzidwe."

Pasiteshoni foni inalira. Anali a Oswald, akufunsa ngati woweruza wapeza chigamulo pa mtsutso uja.

"Za ku America sindikudziwa, amalume," anatero Tawanda. "Ndikuimbirani madzulo. Kodi a Paterson amakhala msewu uti?"