Chitini cha Misomali

A Chigamba sankataya msomali. Uliwonse umene auzula m'tayala la munthu ankaupukuta pa ovolosi n'kuuponya m'chitini cha penti chimene chinkakhala pansi pa benchi. Madalaivala ankawaseka nazo.

"Mdala, mukuisungira mbewu? Mumaidzala pamsewu kuti mawa mukolole?"

"Ndikanakhala kuti ndimadzala," iwo ankatero, "bwenzi ndikugona m'nyumba yosanja."

Dzina lawo lenileni anthu anali ataliiwala, poti moyo wawo wonse anathera kumata zigamba m'machubu. Kashedi kawo kanali kumunsi kwa mtsetse, pamene msewu watsopano umakhotera. Msewuwo anamanga ndi akutsidya, dziko loyandikana nafe lija lili ndi doko. Anayamba ndi kutigulitsa simenti ndi feteleza motchipa, kenako anatimangira msewu, kenako nyumba yochitiramo misonkhano. Pofika pamenepo, boma lathu likapita kokumana mayiko, dzanja lake linkadikira kaye kuti la akutsidya likwere. Wokugulira nsapato ndi amene amakuuza koponda.

Pa zimene anagwirizana panalinso chakuti mathiraki a kampani yawo asamaime pa sikelo. Ena onse ankaima n'kupimidwa. Awo ankangoliza hutala, katundu ali mpaka kumwamba.

Mwana wa a Chigamba, mmodzi yekhayo, ankayendetsa imodzi mwa mathiraki amenewo. Anzake ankamutcha Giya. Tsiku lina masana anatsika mtsetse uja atanyamula simenti yoti bwenzi ikukwera mathiraki awiri, mabuleki n'kukana. Bambo ake anamva hutala akulira osalekeza ndipo anadziwa kuti ndi iyeyo. Giya anakhotetsera kudzenje kuti asawombe anthu apamsika. Anafera pafupi ndi pampu ya bambo ake.

Apolisi anati anali ataledzera. Wailesi inabwerezanso chimodzimodzi. Giya, munthu woti fungo la mowa lokha linkamudwalitsa mutu. Mkazi wake akapita kukatunga madzi, azimayi ankasiya nkhani. Zoti mwana anapita, a Chigamba anazivomera, poti manda sabweza. Koma mawu akuti chidakwa ankawawotcha ngati chubu chopsa ndi dzuwa.

Mutu wa thirakiyo, wophwanyika ngati chitini chopondedwa, anaukokera pabwalo pawo mothandizidwa ndi madalaivala anzake a malemu. Akampani atabwera kudzautenga, mdala anangokhala pa bampala atagwira chitsulo chotsegulira matayala.

"Yambani mwanyamula ine."

Anabwerera. Koma patapita nthawi kunamveka kuti kukubwera alendo. Kazembe wa kutsidya ankafuna kuonetsa msewu wake kwa nduna za mayiko ena oyandikana nafe, kuti nazonso zikopeke, zisayine. Ndiye akutsidya ali ndi kachitidwe kawo: chonyansa sachotsa, amachiphimba. Anazika mitengo kutsogolo kwa kashedi, n'kupachikapo chinsalu chachikulu chojambulidwa manja awiri akupatsana moni. Kashedi, pampu, mutu wa thiraki ndi mdala yemwe, zonse zinabisika kuseri kwa manjawo.

Madzulo a tsikulo mpongozi wawo anawapeza atakhuthula chitini pansi, akusankha misomali yowongoka. Anagwada chapatali.

"Bambo, imeneyo ndi yachiyani?"

"Ndikuiwotcha dzuwa, mayi. Yachita dzimbiri."

"Dzuwa lalowa, bambo." Anayang'ana misomaliyo. "Woyendetsa kazembeyo ndi mwana wa munthu. Naye ali ndi mkazi wotunga madzi."

Mdala anayang'ana msomali umene unali m'dzanja lake. Anali ataganiza zoika pamwamba pa mtsetse, pamene galimoto zimathamanga, kuti akutsidya nawonso amve mmene hutala amalirira. Anauika pansi msomaliwo.

"Pahampu amadutsa bwanji?" anafunsa mpongoziyo, maso ali pansi.

Hampuyo anaiika pambuyo pa ngozi, moyang'anizana ndi kashedi. Pamenepo ngakhale bwana wotani amayenda ngati akuperekeza nkhalamba.

"Mwana wanga anadziwa kusankha mkazi," anatero a Chigamba.

Anadula chubu chakale n'kupanga timalamba, n'kubayamo misomali, nsonga zitaloza kumwamba. M'mawa mwake apolisi analamula aliyense kusesa kutsogolo kwa malo ake. Mdala anatuluka ndi tsache, timalamba tili m'thumba la ovolosi. Anasesa mwaulemu, akuwerama apa ndi apo ngati wogwidwa msana. Chakuda pa phula lakuda. Zaka zonsezi akuona matayala, ankadziwa pamene amaponda.

Mdipiti unafika dzuwa litakwera. Galimoto ya apolisi inadutsa hampu, ya kazembe inadutsa, ya nduna ina yachizimayi inadutsa. Sanafike ngakhale pamsika. Galimoto zinayamba kuwerama imodziimodzi ngati ng'ombe zotopa. Sipeya aliyense anali nayo imodzi, koma matayala ophwa anali awiri, kwina atatu. Ndipo wokonza matayala m'dera lonselo anali mmodzi.

Bwana wa kampani, wakutsidya, wa suti yoyera, anafunsa anthu kuti ali kuti. Anthu analoza chinsalu cha manja. Analowa kuseri, madalaivala akugubuduza matayala pambuyo pake. Dzuwa linali loswa mtengo, mthunzi unali kuseri komweko, choncho nduna ija inatsatira, kazembe naye, atolankhani ndi makamera awo pambuyo. Onse anapezeka ataima pafupi ndi mutu wa thiraki. Dzina la kampani linali likuwerengeka pachitseko. Mpongozi anali atakhala pamwala, atavala jekete ya mwamuna wake.

A Chigamba anali pabenchi, manja ali pamaondo.

"Madala, fulumirani," anatero bwanayo ndi lilime lake lopotoka. "Tikulipirani bwino."

"Guluu wanga sagwira munthu akamanama pafupi."

"Mukuti chiyani?"

"Ndikuti amene ankayendetsa ichi anali mwana wanga. Awo ndi akazi ake. Munati analedzera. Nenani pano ngati analedzera, ndiyambe ntchito."

Bwanayo anayang'ana kazembe. Kazembe anayang'ana wotchi. Nduna ija inafunsa womasulira wake kuti mkuluyu akuti chiyani, ndipo itamva inayandikira thirakiyo n'kusuzumira mkati, mmene chiwongolero chinapindikira mpaka pampando.

"Zimenezo anamaliza ndi apolisi," anatero bwanayo.

"Ndiye aitaneni apolisi adzamate."

Wapolisi wina anasuntha kuti awagwire, koma kamera inatembenukira kwa iye, n'kubwerera yekha. Kazembe ananong'oneza bwanayo mawu ochepa m'chinenero chawo. Ankaoneka kuti akufuna kuchoka pamalopo, zivute zitani. Bwanayo anapukuta thukuta.

"Sanaledzere," anatero chapansipansi.

"Makutu anga anatha ndi kompulesa, achimwene. Kwezani."

"Sanaledzere."

"Nanga chinamupha n'chiyani?"

Anthu apamsika anali atadzaza kale mpaka kumitengo ya chinsalu.

"Katundu anachuluka," anatero bwanayo.

"Anapakira ndani?"

Ilo sanayankhe, ndipo mdala sanaumirize. Anayang'ana mpongozi wake. Mayiyo anaimirira, n'kuyenda pakati pa azimayi aja ankasiya nkhani akafika, mutu uli m'mwamba, misozi ikutsika osaipukuta.

Apo m'pamene a Chigamba anakoka beseni la madzi n'kuyamba kufufuza mabowo. Anagwira ntchito yabwino, koma mosathamanga. Chigamba chilichonse anachidikira kuti chiume, kazembe ali chiimire. Msomali uliwonse umene anazula anaupukuta pa ovolosi n'kuubwezera m'chitini, wapolisi uja akuona. Tayala la bwana wa kampani anamalizira.

Alendo atapita, apolisi anabwera kudzatenga a Chigamba. Iwo anali atasamba kale m'manja, akudikira.

Musaganize kuti dziko linatembenuka. Nduna ija inasayina ndithu, ndipo zinamveka kuti inangowonjezera zoti kwawo mathiraki onse azipimidwa. Kwathu kuno amadutsabe pa sikelo akuliza hutala. Wailesi inati mwambo unachedwa chifukwa cha kutentha. Koma pamsika, pachitsime ndi m'mabala momwe, palibenso anatchula Giya kuti chidakwa.

Mdala anakhala m'ndende mpaka tsitsi lonse linayera. Atatuluka anapeza chinsalu cha manja chitang'ambika ndi mphepo, mpongozi akugwiritsa ntchito chidutswa chake poyanikira ufa. Asanamwe n'komwe madzi, anawerama n'kusuzumira pansi pa benchi.

"Apolisi anafunsa za chitini, bambo," anatero mpongozi. "Ndinati mwina anatenga ogula zitsulo."

Mayiyo anakankha tayala lakale limene linali pakona. Chitini chinali pamenepo. Mdala anachinyamula n'kuchigwedeza pafupi ndi khutu.

"Funso lachitatu lija, la amene anapakira, sanandiyankhe," anatero.

Kumtunda kwa mtsetse thiraki ya akutsidya inali ikutsika, ikulira ndi kulemera.