Tsiku Loboola Mtumbira

Katapila anali atayamba kale kulira pamene Marinus Poppe anakweza thirakitala yake pamtumbira wotchinga nyanja, n'kuiimika penipeni poyenera kubooledwa. Anazimitsa injini n'kupinda manja.

"Akulu, mwabwera kudzadzala nsomba?" anakuwa Izaak, woyendetsa katapilayo, mnzake wa paubwana.

"Undifukule ndi ine ndemwe," anayankha Marinus.

Kumanzere kwake kunali munda wake wa mbatatesi ndi anyezi, nthaka imene agogo ake analanda kunyanja ndi makasu. Kumanja kunali mathiriro a mtsinje, madzi ataphwa, mbalame zikujompha m'matope. Boma linagamula kuti mtumbirawo ubooledwe, madzi amchere abwererenso m'mundamo. Alimi anzake anali atasamuka kale.

Izaak anaimba foni kuofesi yosamalira mtsinje. Amene anabwera anali Marlies, mwana wamkazi wa Marinus yemweyo, amene ankagwira ntchito kumeneko. Marinus atamuona akukwera mtumbira, anayang'ana kumbali. Khoswe anali atakhala pamkhate.

"Bambo, tsikani. Chonde."

"Akutuma iweyo? Amuna atha kuofesi kwanuko?"

"Ndabwera ndekha. Ndikanapanda kubwera, akanatuma apolisi."

"Bola apolisiwo. Iwo sanadye mbatatesi za m'munda uwu."

Marlies anagwira chitseko cha thirakitala. Mphepo inkamumwaza tsitsi.

"Mtsinjewu tinaupanikiza mbali zonse, Bambo. Nyanja ikakwiya, madzi akusowa kopumira, ndiye akukalowa m'tauni. Madzi saiwala khwawa. Nsomba nazo zikusowa koswera."

"Ndiye nsomba zaposa bambo ako?"

"Nanga chaka chatha anandinyamula ndani pamsana, madzi atafika m'chiuno m'nyumba mwanga? Mayi a khomo loyandikana ndi langa aja analibe wowanyamula. Munapita nawo kumaliro awo inu."

Marinus anakumbukira kuzizira kwa madzi aja, ndi mmene mwana wakeyo ankanjenjemerera pamsana pake.

"Mukuganiza kuti ine sizikundiwawa?" anapitiriza Marlies. "Kogula buledi sandiyankhanso moni. Kutchalitchi mpando wanga ndimakhalapo ndekha."

Izaak anali atazimitsa katapila. Anatsika n'kuvula chipewa. "Marinus, madzi akubwera. Ndikapanda kudula ine lero, mawa adula mlendo wosadziwa n'komwe kuti munda uwu unali wa yani."

Marinus anayang'ana mizere imene anailima kuyambira ali mnyamata. Inali itamera kale udzu. Kenako analiza injini, n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka pamtumbira watsopano umene boma linamanga kumtunda.

Izaak anaboola mtumbira uja, ndipo madzi analowa masana. Sanabwere ndi mkokomo ayi. Anakwawa mwakachetechete, mzere ndi mzere, otuwa, atasenza thovu ndi zinyalala, mpaka anafika pachitsa cha mtengo umene unali pakhomo pa nyumba yawo yakale. Fungo la mchere linadzaza ponseponse.

Marlies anabwera n'kuima pambali pa bambo ake.

"Lamlungu ndibwere kudzadya?" anafunsa motsitsa mawu.

Marinus sanachotse maso pamadzi.

"Lamlungu lino ayi, mwanawe," anatero. "Sindingathe kukuyang'ana ndikudya."

Marlies anagwedeza mutu movomera, n'kutsika yekha kulowera kumsewu. Marinus anatsala pomwepo mpaka mzere womaliza unamira.