Mpango wa Mayi

Vera anabwera ku London kudzaphunzira za tizilombo, ndipo atamaliza anapatsidwa ntchito pa yunivesite yomweyo. Ankafufuza za njuchi zina zobiriwira, zonyezimira ngati chitsulo chopukutidwa, zomwe zimakhala m'nkhalango zotentha kuyambira ku Mexico mpaka ku Argentina. Ku Africa kulibe, ndipo uchi woti munthu n'kufula sizipanga. Zamphongo zimayendayenda pa maluwa a okidi, pa mitengo yowola ndi pa utomoni, kukanda fungo n'kumalisunga m'timatumba ta m'miyendo yakumbuyo, kuti zikakope nalo zazikazi. Vera ankadula miyendoyo n'kuiviika m'mankhwala, kenako makina ankamuuza zomwe njuchi iliyonse inatola pa moyo wake.

Iye mwini sankamvanso fungo lililonse. Mphuno inafa atadwala Covid. Madokotala anati zidzabwerera mwakale, koma sizinatero.

Mayi ake anamwalira ku Zomba mu Febuluwale. Pasipoti ya Vera inali isanabwere kokonzetsa viza, choncho maliro anawaonera pafoni, ali pakama m'chipinda chake ku Lewisham. M'mawa mwake anakwera sitima kupita kuntchito. Njuchi zatsopano zinali zitafika kuchokera ku Panama, ndipo anazidula miyendo mpaka madzulo.

Patapita mwezi, mayi ake aang'ono, a Beatrice, omwe ankakhala ku Peckham, anabwerako kumaliro. Anaitana Vera ndi mlongo wake Sekani, yemwe ankagulitsa m'sitolo ku Wembley. Linali Loweruka masana. A Beatrice anateleka mpunga, n'kutulutsa m'sutikesi kanthu kokulungidwa m'majumbo awiri.

"Mpango wa mayi anu," anatero a Beatrice. "Ndi womwe anavala kuchipatala. Sindinauchape."

Sekani anamasula majumbowo, nayika mpangowo kumaso. Mapewa ake anayamba kugwedezeka.

"Mafuta awo aja," anatero Sekani. "Ndi utsi wa mbaula. Ngati ali pompano."

Analira nthawi yaitali, kenako anaupereka kwa Vera. Vera anauyika pamphuno, nakoka mpweya. Anangomva kukhakhala kwa nsalu ndi chinyezi cha misozi ya Sekani.

"Wawamva, mwanangu?" anafunsa a Beatrice.

"Ayi, mayi. Paja ine sindimva."

A Beatrice anagwira pakamwa. Anali ataiwala.

"Achemwali, nanga makina anu aja a ku lab?" anatero Sekani. "Sangakuuzeni?"

"Angandipatse mayina a mankhwala," anayankha Vera. "Mayina okha."

Anaupinda bwinobwino mpangowo, naubwezera m'majumbo, nafinya mpweya wonse asanamange.

"Tenga iweyo," anauza Sekani. "Usauike padzuwa kapena pafupi ndi heater. Ndipo usamautsegule pafupipafupi. Ukatsegula, fungo lina limachoka, silibwerera."

Sekani anaulandira ndi manja awiri. A Beatrice anayambitsa nyimbo yomwe inaimbidwa kumanda, Sekani n'kumayankha chapansipansi. Vera ankaidziwa, koma pakamwa sipanatseguke. Anati akaone mpunga, nalowa kukhitchini.

Anaima pambali pa mbaula ya gasi, akuyang'ana pawindo. Sitima inadutsa pamlatho, kenako ina. Kunsi, mayi wina ankakankha ngolo yodzaza zilazi ndi nthochi zophika. Vera anamutsatira ndi maso mpaka anakhota.

Chitseko chinatseguka, Sekani analowa akutsokomola, nazimitsa moto.

"Achemwali, mpunga wapserera. Fungo lafika kubalaza konse."

Vera anayang'ana pansi. Utsi unkatuluka m'mbali mwa chivundikiro, pafupi ndi chigongono chake.

"Pepani," anatero.

Anapungulira wapamwamba m'mbale, wotsalawo anautaya m'bini. Anathira madzi otentha m'poto, natenga supuni, nayamba kupala.