Batire Linagona Kumaliro

Tangoganizani inu. Galimoto ya mpikisano ikuthamanga liwiro la mtondo wadooka pamsewu wafumbi. Woyendetsa sanauzidwe kanthu. Wailesi imene ikanaletsa galimotoyo kunyamuka yafa, munthu wa mbendera yofiira palibe, ndipo patsogolo, kuseri kwa kona, amuna akuwoloka msewu atasenza maliro. Kodi n'chiyani chingaimitse galimoto yoteroyo?

Zulfa anali mphunzitsi wa sayansi pasukulu ina ya sekondale ku Senga Bay, koma chimene ankanyadira koposa chinali chiphaso chake chogwiritsira ntchito wailesi zolankhulirana, zija ambiri amangoti ovaova. Iye ndi anzake a m'kagulu ka okonda mawailesi ankadzipereka kwaulere kukathandiza pa mpikisano wa magalimoto. Njira ya mpikisano imadutsa m'malo amene foni sigwira, choncho anthu a mawailesi amamwazikana m'mbali mwa njirayo. Galimoto ikadutsa amauza likulu. Akaona choopsa amauzanso likulu, ndipo likulu limaletsa magalimoto kunyamuka poyambira. Ntchito yake ndi yomweyo basi, koma moyo wa anthu umapachikika pamenepo.

Tsiku la mpikisano Zulfa anamuika pamwamba pa kaphiri ka Namphande pamodzi ndi bambo Elliot, mkulu wina amene anapuma pantchito yokonza matelefoni, wa bondo lovuta koma pakamwa posatopa. Anaimika mlongoti wa nsungwi, n'kuumangirira waya, n'kulumikiza wailesi ku batire la galimoto limene Zulfa anakwera nalo pamutu. Kumunsi kwawo msewu unkachokera kuminda ya mpunga, n'kuzungulira kaphiriko, n'kukabisala kuseri kwa msitu wa kumanda. Mbali ino ya msewu kunali mudzi wa mwamuna wake, Sulaiman, ndi mzikiti wake wa denga lobiriwira. Mbali inayo kunali manda.

"Mayi aphunzitsi," anatero bambo Elliot akusisita bondo, "ndikafera pano musavutike n'kunditsitsa. Mungondikwirira ndi miyala, mlongotiwu ukhale mtanda."

"Musanene za imfa lero, bambo. Kumudziko kuli zovuta."

"Pepani, ndaiwala. Paja mwati aika liti?"

"Madzulo, ikatha swala ya Aswiri, pemphero lathu lija. Akudikira mwana wa malemu wochokera ku Mzuzu. Magalimoto akhala atatha kalekale."

Amene anamwalira anali bambo Omari, malume a Sulaiman. Zulfa anafunsitsa za nthawi yoika malirowo, ndipo ndi iye amene anatsimikizira likulu kuti kanjira kopita kumandako sikafunika mlonda. Anamukhulupirira, poti kunali kwawo. Popeza akazi sapita kumanda, ndipo iye anali atachezera kale pasiwa, apongozi ake anamulola kupita kuntchito yake.

Koma panali chinthu china chimene bambo Elliot sankadziwa. Dzulo lake, anthu atayamba kusonkhana pamaliro, apongoziwo anamuitanira pambali.

"Mwana wanga, tibwereke chibatire chako chija. Anthu asakhale mumdima."

Pamaliro sakaniza chinthu, makamaka kwa apongozi. Zulfa anangoti chabwino. Mababu anayaka, kenako anthu anayamba kubwera ndi mafoni awo kuti apezeko moto woimbira abale akutali, wina akachotsa wina n'kulumikiza. M'mawa analiika pa sola kwa kanthawi kochepa, ndipo atayesa wailesi pakaphiripo, likulu linayankha kuti likumumva bwinobwino. Mtima wake unakhala pansi. Anaganiza kuti palibe chifukwa chouzira munthu.

Dzuwa litafika paliwombo, azana yoitanira anthu kukapemphera inamveka kuchokera kumzikiti. Patapita kanthawi chimkuzamawu chinaliranso, ndipo mphepo ya kunyanja inakweza mawuwo mpaka pakaphiri. Anali shehe. Ankalengeza kuti mwana wa malemu wafika msanga, anapeza galimoto ya usiku, choncho palibe chifukwa chogonekera m'bale wawo. Maliro anyamuka ikangotha swala ino.

Zulfa anaimirira osadziwa kuti waimirira.

Nthawi yomweyo wailesi inalankhula. Anali Pauline, mayi amene ankayendetsa zokambirana kulikulu. "Malo onse tamverani. Njira yatsekedwa, galimoto yoyamba ili pamzere. Ndiitana malo amodziamodzi, aliyense atsimikize kuti kwake kuli bwino."

Zulfa anatola cholankhulira n'kudina batani. "Likulu, likulu, kuno ndi Namphande, imitsani…"

Kagalasi ka wailesi kanathima. Atasiya batani kanayakanso, ndipo mawu a Pauline anabwerera ngati palibe chachitika, akuitana malo a kumpunga.

"Dinaninso," anatero bambo Elliot.

Anadina. Kanathima.

Mkuluyo anayang'ana wailesi, n'kuyang'ana batire, kenako Zulfa. Onse awiri ankadziwa tanthauzo lake. Kumvetsera kumadya moto wochepa, koma kutumiza mawu kumafuna batire lamphamvu. Lawolo linali ndi moto wongokwanira kumva.

"Batire ili munalitchaja?"

"Linagona kumaliro," anayankha Zulfa chapansipansi.

"Kumaliro?"

"Anandipempha apongozi. Ndikanati chiyani?"

Bambo Elliot anatulutsa kampeni m'thumba n'kuyamba kupala mitu ya batire. Zulfa anachepetsa mphamvu ya wailesi mpaka pamapeto, n'kufinya mawaya ndi zala.

"Namphande," inatero wailesi. "Namphande, kuno ndi likulu. Kwanuko kuli bwanji?"

Zulfa anadina n'kukuwa ndi mawu ake onse kuti kuli maliro. Kunathima. Anadinanso pompo. Kunathimanso.

"Siyani!" bambo Elliot anamugwira dzanja. "Musakhudzenso!"

Koma anali atachedwa. M'kagulu kawo anali ndi chizolowezi chakuti munthu akakhala ndi chakudya m'kamwa, kapena mawu ake akamadukaduka, amangodina batani kawiri, kugogodako n'kumveka kulikulu kutanthauza kuti zonse zili bwino. Zulfa mwiniwake ndiye ankaphunzitsa atsopano chizolowezi chimenechi.

"Ndamva kugogoda kwanu kuwiri, Namphande, zikomo," anatero Pauline. "A Elliot, mezani kaye chinangwacho."

Wina wa malo ena anaseka pawailesi.

Zulfa akanangokhala chete, likulu likanadikira, poti lamulo silolola galimoto kunyamuka malo amodzi asanayankhe. Chala chake chomwe ndicho chinatsegula msewu. Anayesanso kugogoda kambirimbiri kuti mwina Pauline adabwe, koma tsopano batire linali litafookeratu, ngakhale kugogodako sikunkatulukanso.

"Galimoto yoyamba yanyamuka," inatero wailesi.

Zulfa anatulutsa foni n'kuikweza m'mwamba, n'kukwera nayo pamwala waukulu, akuzungulira mbali zonse. Panalibe ngakhale kamzere kamodzi. Analemba uthenga kwa Sulaiman, ndipo unangokhala pomwepo osapita. Ngakhale ukanapita, ndani amawerenga foni atasenza maliro?

Kumunsi, amuna anayamba kutuluka mumzikiti. Mikanjo yoyera ndi zisoti zinadzaza bwalo, kenako jeneza, chithatha chija chonyamulira maliro, linatuluka litafundidwa nsalu yobiriwira. Anayamba ulendo mofulumira monga mwa mwambo wake, aliyense akulandira phewa kwa mnzake n'kupatsira wina. Mawu awo ankafika pakaphiri ngati kulira kwa njuchi, *La ilaha illallah*. Penapake m'khamumo munali Sulaiman. Munalinso bambo ake a Zulfa, amene sakanalola kuti mnzawo wa pa ngalawa apite iwo osamusenzako.

Kutali, chakumpunga, fumbi lofiira linadzuka.

"Akudziwa za mpikisano," anatero bambo Elliot. "Anauzidwa. Akafika pamsewu aima."

"Jeneza siliima panjira, bambo."

"Ndiye amva kulira kwa injini."

"Ndi mawu awo aja? Ndipo kaphirika kamatchinga. Adzaimva itafika kale."

Zulfa anavula mpango wa pamapewa n'kuyamba kuukupiza. Anaitana dzina la mwamuna wake mpaka kukhosi kunawawa. Bambo Elliot anaimba likhweru ndi zala, n'kumenya chitini cha zipangizo ndi mwala. Mphepo imene inawabweretsera mawu a shehe ndi yomwe inkabweza awo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatukula mutu.

"Malo a kumpunga, yoyamba yadutsa, ikuuluka!" inatero wailesi mosangalala.

Lamulo linali lakuti wa wailesi sachoka pamalo ake. Zulfa anayang'ana chipangizo chimene anachisungira ndalama kwa nthawi yaitali, chikulankhula ngati mlendo wosamva chinenero.

"Pitani," anatero bambo Elliot. "Ine bondo ili. Pitani, ndiziyesabe."

Zulfa anathamanga. Kutsetsereka kwa Namphande n'kwa miyala yoterereka ndi minga. Nsapato imodzi inatsalira m'mwamba, inayo anaivula yekha. Chitenje chinakodwa n'kung'ambika. Akutsika anaona mutu wa khamulo ukulowa kuseri kwa msitu, pamene kanjira kamakumana ndi msewu, kenako mitengo inamutchinga, sanaonenso kanthu. Ankadziwa bwino kuti safika. Ankangothamanga chifukwa kuima kunali kosatheka.

Injini inamveka, poyamba ngati bingu lakutali, kenako inadzaza chigwa chonse. Pakati pa mitengo anaona chinthu chachikasu chikung'anima m'munsi mwake, n'kupita, fumbi likutsatira. Anali asanafike ngakhale pakati pa kaphiri.

Anagwa chokhala pansi n'kugwira makutu, koma anamvabe. Matayala anakhuluza miyala kwa nthawi yaitali. Injini inabangula kamodzi, n'kuzima.

Kunangoti zii. Ngakhale mawu a onyamula maliro sanamvekenso.

"Ya Allah," anatero Zulfa. Mawu ena onse a dua, mapemphero amene ankawadziwa chiyambire ubwana, anamuthawa. Anadzuka n'kupitiriza kutsika, tsopano pang'onopang'ono, poti mbali ina ya mtima wake sinkafuna kufika. Ankamvetsera kuti amve kulira. Ankaganiza za apongozi ake, kuti akawayang'ana bwanji, ndi za Pauline, ndi za mawu amene ananena yekha molimba mtima kuti kanjirako sikafunika mlonda.

Atafika pamsewu anakumana ndi mwamuna wovala ovolosi ya mpikisano akuthamangira kumbuyo, atanyamula chikwangwani chofiira chochenjezera galimoto yotsatira. Zulfa anatsata mikwingwirima imene matayala anasiya m'dothi mpaka anaiona galimotoyo, itaima chopingasa pakona penipeni, fumbi likuitsikira.

Patsogolo pake, mtunda woti mwana angaponye mwala, amuna omalizira ankawoloka msewu. Mawu awo anamvekanso, osasintha. Jeneza linali litalowa kale m'msitu. Anaona msana wa Sulaiman, atagwira bambo ake a Zulfa pamkono powathandiza kukwera kamtunda ka m'mbali mwa msewu. Ena anacheukira galimotoyo pang'ono n'kupitirira, monga anthu amene sanaone chachilendo.

Woyendetsa anali ataima pambali pa chitseko, chipewa chake cholimba atachivula n'kuchigwirira pachifuwa. Dzina lake linalembedwa pagalasi, Kenneth. Thukuta linali chuchuchu. Anadikira mpaka munthu womaliza atawoloka, ndiye anatembenuka n'kuona mayi wopanda nsapato, mapazi ali magazi, pachifuwa pali baji ya a mawailesi.

"Mayi, ndinu a wailesi? Bwanji osatiuza?"

Zulfa anasendera pafupi.

"Wailesi inafa, achimwene. Anakuimitsani ndani?"

"Palibe."

"Ndiye munawaona bwanji, poti pakona pano sipaoneka?"

"Sindinawaone. Mnzanga wathamangira kumbuyo uja amandiwerengera za njira kuti ndilowe pakona ndi moto wonse. Mwendo unangoponda wokha buleki, mutu usanaganize n'komwe." Anapukuta kumaso n'kuloza kumbuyo, kumene Zulfa anachokera. "Simunaone pobwera?"

Zulfa anacheuka. Anali atadutsapo osazindikira, maso ali pa mikwingwirima ya matayala. Chakumbuyoko, pamene mikwingwirimayo inayambira, panali nthambi zaziwisi za keshya zitayalidwa mopingasa msewu. Okumba manda anaziika atamva kulengeza kwa shehe, monga amachitira pa maliro ena alionse.