Bwino wa Moni

Linali sabata lachisanu ndi chitatu chilowereni amuna anga m'kafukufuku wa mankhwala atsopano a matenda a maganizo. Lachiwiri lililonse tinkapita kuchipatala, kukakhala pabenchi ya m'khonde, iwo atafumbata kabotolo koyera kolembedwa nambala yokha: 47.

Tsiku loyamba adokotala anatiuza zonse poyera. Kampani yopanga mankhwalayo inkafuna kudziwa ngati amagwira ntchito. Ena alandira enieni, ena mapiritsi ofanana nawo koma opanda mankhwala, ndipo ngakhale adokotalawo sankadziwa wina walandira ati. Yankho linali mu envulopu yomata. Munthu akamapeza bwino apitiriza masabata ena khumi ndi awiri. Zikamaipiraipira, amuchotsa m'kafukufuku ndi kumupatsa mankhwala odziwika kale.

Pabenchipo tinazolowerana ndi dalaivala wina wa nambala 52, munthu wosatha mawu.

"A Telala, ine andipatsa a shuga," anatero Lachiwiri la sabata lachisanu ndi chitatulo. "Nyerere zayamba kulondola botolo langa."

Anthu anaseka. Amuna anga anangoyang'ana pansi. Mayi wokolopa anafika ndi ndowa yake, nawazungulira mapazi osawauza kuti anyamule miyendo. Ndinamuthokoza ndi maso.

Makina osokera a amuna anga anali atakhala miyezi isanu atavundikiridwa ndi nsalu. Zimenezo ndinali nditazolowera. Chimene chinandiumitsa pakamwa n'chakuti Loweruka anaitana mng'ono wawo, nam'patsa sizasi yawo yaikulu, ija sankalola ngakhale ine kudulira pepala. "Isamale," anatero. Lamlungu anapereka jekete yawo yabwino kwa mnansi. Kutchalitchi ndinalephera kuimba. Ndinangoti, "Ambuye, mukuona."

Anesi anatiitana. Anali mayi wa maso otopa, ndipo batani la pachifuwa pa yunifolomu yawo linkalendewera pa kaulusi kamodzi. Anatenga fomu ya mafunso ija ya sabata ndi sabata.

"Bambo, masiku asanu ndi awiri apitawa mwakhala mukumva bwanji mumtima?"

"Bwino ndithu."

"Tulo?"

"Bwino."

"Chakudya chikulowa?"

"Tikudya, mayi."

Cholembera chinkangochonga. Masabata onse asanu ndi atatu ndinkamva mayankho omwewa, ndili duu, poti mkazi satsutsa mwamuna wake pamaso pa mlendo. Komanso sankanama. Anakula akudziwa kuti munthu akakufunsa za moyo umati uli bwino, mavuto ako sumusenzetsa. Tsiku limene tinaika mayi awo m'manda, aliyense wowapatsa moni ankamuyankha kuti ali bwino.

"Zikusangalatsa," anatero anesi. "Ndiye kuti mupitiriza masabata khumi ndi awiri enawo. Musayine apa."

Masabata khumi ndi awiri. Ndinaona sizasi ija m'manja mwa mlamu wanga. Ndinalowererapo.

"Pepani anesi. Bambowa sakuyankha mafunso anu. Akuyankha moni."

Amuna anga anatembenuka. "Mayi, n'chiyani?"

"Mundikhululukire, bambo." Sindinawayang'ane. "Sizasi apereka. Jekete apereka. Mbale ndimachotsa momwe ndaiikira."

Anesi anaika cholembera pansi. Anatembenuza fomu ija chafufumimba, nakoka mpando wawo kuchoka kuseri kwa tebulo mpaka maondo awo anayandikira a amuna anga.

"Bambo, moni tapatsana kale panja paja. Uja watha. Tsopano ndikufunsa ine. Bwino wanuyu ndi wa moni, kapena weniweni?"

Panapita nthawi. Kukhonde dalaivala uja ankaseketsabe anthu. Anesi sanayang'ane wotchi ngakhale kamodzi, ndipo chimenecho ndidzachikumbukira.

"Ndatopa," anatero amuna anga.

"Thupi?"

"Ayi. Kudzuka. Kukacha ndimadandaula kuti kwachanso."

"Munaganizapo zodzichotsera moyo?"

Anagwedeza mutu pang'ono, kuvomera. Ndinagwira m'mphepete mwa mpando. Ndinkadziwa, koma kudziwa ndi kumva n'zosiyana.

Adokotala anabwera, nakhala nawo nthawi yaitali, kenako anang'amba envulopu ya nambala 47. Anali mankhwala enieniwo, kungoti sanawayanje. Anawachotsa m'kafukufuku, nawalembera ena akale, n'kutiuza kuti tibwere Lachisanu kudzaonana ndi mlangizi. Ine anandiuza kuti mapiritsi ndizisunga ndine, ndipo amuna anga ndisawasiye okha masiku amenewa.

Tikutuluka, anesi anali atatsegula kabati. Munali mafomu mulu, a anthu onse a pabenchi paja, oyembekeza kutumizidwa kukampani. Anaima akuwayang'ana, dzanja lili m'chiuno.

"Abwino onsewa," anadziyankhulira. "Ndiyambira pati, Mulungu wanga?"

Panja dzuwa linali litakwera. Amuna anga ankayenda patsogolo, ine pambuyo, monga mwa masiku onse. Pageti mlonda anakweza dzanja.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Amuna anga anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. "Pang'ono," anatero.

"Pang'ono pomwepo, bambo, tithokoze," anayankha mlonda, natitsegulira geti lonse ngati tabwera pagalimoto.

Tinayenda mpaka pokwerera basi. Tinakhala pakhoma lalifupi la sitolo.

"Mwandivula pagulu, mayi," anatero amuna anga.

"Eya, bambo."

"Pamaso pa munthu wa eni."

"Eya."

Basi inabwera yodzaza, tinaisiya. Ndinapemphera chamumtima kuti akwiye nane ngakhale chaka chathunthu, bola akhalepo. Iwo ankayang'ana zala zawo.

"Batani la anesi aja," anatero patapita nthawi, "silifika Lachisanu. Anasoka ndi ulusi umodzi."

Ndinatsegula chikwama, ndinaika mapiritsi atsopano m'kathumba ka mkati, n'kutseka zipi. Basi yachiwiri itafika, mtsikana wina anaimirira kuwapatsa malo, ndipo anakhala.